Mmene mungapezere chimene chikusasitsa mawu a tweeter m'masipika apamwamba a m'nyumba

Tweeter ndi kasipika kakang'ono kamene kamakhala chakumtunda kwa bokosi la sipika, ndipo ntchito yake ndi kutulutsa mawu opyapyala, kuyambira cha m'ma 2,000 Hz mpaka 20,000 Hz kapena kupitirira apo (Hz ndi muyezo wa liwu: nambala ikakula, liwu limapyapyala). Pa zigawo zonse za sipika, iyi ndi imene sichedwa kuvulala, chifukwa dome yake, kachipewa kozungulira kamene kamanjenjemera potulutsa mawu, imakhala ya mamilimita 25 okha m'masipika ambiri, ndipo waya wa koyilo yake, waya wokulungidwa umene umanjenjemeretsa dome magetsi akadutsamo, ndi wopyapyala kwambiri moti sungapirire kutentha kumene woofer, sipika yaikulu yotulutsa besi, imapirira. N'chifukwa chake munthu akangomva mawu akusasa, akuthetheka kapena akubaya m'makutu, amathamangira kunena kuti tweeter yapsa. Kawirikawiri amakhala ataweruza molakwika, ndipo amataya ndalama zambiri pogula chipangizo chimene sichinafunike, pakuti tweeter imangotulutsa chilichonse chimene yapatsidwa. Nyimbo yojambulidwa moipa, singano yotha ya choimbira mbale za vinyl, ampulifaya yopanikizidwa ndi waya wokhwefuka, zonsezi zimamvekera pa tweeter ngakhale iyoyo ili bwinobwino. Choncho kufufuza kuyambire kunja n'kumalowa m'kati pang'onopang'ono, mukusintha chinthu chimodzi pa nthawi imodzi, ndipo sikuludiraiva muigwire pamapeto penipeni.

Yambani ndi kumvetsera

Musanazule waya uliwonse, khalani pansi mumvetsere kuti mudziwe bwino mtundu wa vuto limene muli nalo. Sankhani nyimbo ziwiri kapena zitatu zimene mumazidziwa bwino, makamaka za piyano yokha ndi za mawu a mkazi woimba popanda zida zambiri, chifukwa m'nyimbo zotere mulibe phokoso lobisa cholakwika. Piyano ndi yothandiza kwambiri, popeza noti iliyonse imayamba mwamphamvu n'kumazilala pang'onopang'ono, ndipo ngati koyilo ikukhula penapake mudzamva kamawu kong'ung'uza ngati ntchentche yotsekeredwa m'botolo, kakutsatira noti zina zokha osati zonse.

Pomvetserapo dzifunseni mafunso angapo ndipo mayankho ake muwalembe. Kodi vutoli lili m'sipika imodzi kapena m'zonse ziwiri? Kodi limamveka pa voliyumu iliyonse, kapena pokhapokha mukakweza? Kodi limayamba pomwepo mukayatsa, kapena zida zikatentha? Kodi limabwera n'kupita? Mayankho amenewa amafupikitsa ntchito kwambiri. Vuto la mbali zonse ziwiri, lofanana ndendende, silichokera kawirikawiri m'matweeter, chifukwa n'zosowa kuti awiri awonongeke mofanana pa nthawi imodzi popanda chinachake chimene chawawononga. Vuto lobwera n'kupita limaloza ku malo olumikizira. Vuto la pa noti zina zokha limaloza ku chinthu chonjenjemera kapena chokhulana. Dziwaninso kuti kamphepo kosalekeza kamene mumakamva mukayandikitsa khutu pa tweeter nyimbo isakuimba si kusasa kwa tweeter ayi, koma ndi phokoso lochokera mu ampulifaya kapena m'zida za kumbuyo kwake, ndipo kakakhala kochepa moti simukamva muli pampando wanu, sikoyenera kukudetsani nkhawa.

Makutu nawonso amatopa. Khutu la munthu limamva kwambiri mawu a pakati pa 2,000 ndi 5,000 Hz, dera lomwelo limene tweeter imayambira ntchito, ndipo mukakhala nthawi yaitali pa nyimbo zokwera, mawu abwinobwino amayamba kumveka owawa. Ndi bwino kuyesa makutu atapuma, ndipo ngati n'kotheka muitane munthu wina kuti amve naye musanamuuze chimene inu mukumva.

Tsimikizani kuti vuto silikuchokera ku nyimbo

Imvani malo omwewo a nyimbo kudzera pa mahedifoni abwino. Ngati kusasako kulinso m'mahedifoni, masipika anu alibe mlandu. Nyimbo zambiri zinajambulidwa mokwezetsa mpaka nsonga za mafunde ake zinadulika, ndipo masipika apamwamba amaonetsa poyera zolakwika zimene masipika wamba amabisa. Kenako yesani gwero lina: ngati mumamvera kudzera pa Bluetooth, lumikizani ndi waya, ngati mumagwiritsa ntchito kompyuta, yesani choimbira ma CD. Zimitsani equalizer yonse, chosinthira mphamvu ya besi ndi mawu opyapyala, ndipo treble, kopotozera mawu opyapyala, muibweze pakati. Ambiri sazindikira kuti kuwonjezera treble ndi 3 dB (dB ndi muyezo wa kukwera kwa mawu) kumachulukitsa kawiri mphamvu yopita ku tweeter m'dera limenelo, ndipo 6 dB imaichulukitsa kanayi. Mu pulogalamu ya pa kompyuta, kukweza kotere kungathenso kudula mafunde asanatuluke n'komwe m'kompyutamo.

Amene amamvera mbale za vinyl ayenera kuchedwa pang'ono pa sitepe iyi. Singano yotha, yodetsedwa kapena yopepukitsidwa kuposa mmene wopanga ananenera imalephera kutsata mzere wa mbale pa mawu akuthwa, ndipo chilembo cha s m'mawu a woimba chimatuluka chophwanyika. Ngati kusasako kumakula singano ikamayandikira pakati pa mbale, vuto ndi la singano ndi kakhazikitsidwe kake, chifukwa m'mizere ya m'kati mbale imadutsa pansi pa singano pang'onopang'ono ndipo mafunde amakhala othithikana. Tweeter sidziwa kuti singano ili pati pa mbale, kotero chizindikiro chimenechi chimaichotsa pa mlandu.

Sinthanitsani mbali, koma mwa dongosolo

Iyi ndi sitepe imene ndimaiona kuti ndi yofunika kuposa zonse, ndipo siifuna chida chilichonse. Lamulo lake ndi limodzi: zimitsani ampulifaya nthawi iliyonse musanakhudze waya. Kuzula waya wa RCA, wolowetsa mawu kuchokera ku gwero, ampulifaya ili yoyaka kumatulutsa kugunda kumene kungaphe tweeter yabwino, ndipo mawaya awiri a sipika akagundana angawotche ampulifaya. Ngati yanu ndi ya ma valve, timachubu ta galasi, musaiyatse konse masipika asanalumikizidwe, chifukwa thiransifoma yake yotulutsira mawu ikhoza kuwonongeka.

Tiyerekeze kuti kusasa kuli kumanzere. Poyamba sinthanitsani mawaya olowa mu ampulifaya kuchokera ku gwero, wamanzere apite kumanja ndi wamanja kumanzere, osakhudza kumene atulukira ku gwero. Vuto likasamukira ku sipika yamanja, ndiye kuti likuchokera ku gwero kapena ku waya wolowawo. Likakhala pomwepo, bwezerani mawayawo mmene analili, kenako sinthanitsani mawaya a masipika kumbuyo kwa ampulifaya, osakhudza kumene alowera m'masipika. Vuto likasamuka tsopano, wolakwa ndi mbali yamanzere ya ampulifaya. Likakhalabe kumanzere, zatsala zinthu zitatu: waya wa sipika, sipika yeniyeniyo, kapena china chake m'chipindamo. Apa bwezeraninso mawaya, ndipo nyamulani masipika muwasinthanitse malo, mawaya muwasiye pamene ali. Kusasa kukatsata bokosi, mwatsimikiza kuti vuto lili m'sipikamo. Kukatsala pa malo akale, yang'anani waya, kenako yang'anani galasi la zenera, chitseko cha kabati, chithunzi cha pakhoma kapena nyale, pakuti zinthu zotere zimanjenjemera ndi nyimbo ndipo khutu limapusitsika n'kuganiza kuti phokosolo likuchokera m'sipika.

Chimene chimasokoneza anthu pa ntchitoyi ndi kusintha zinthu ziwiri nthawi imodzi, kapena kuiwala kubwezera zimene anasintha poyamba. Mata kapepala pa waya uliwonse. Kwa amene ali ndi masipika okhala ndi ampulifaya m'kati mwake, kusinthanitsa kumathera pa mawaya olowa ndi malo a masipika. Vuto likatsata bokosi, likhoza kukhala la tweeter kapena la ampulifaya ya m'katimo, ndipo kutsegula bokosi lotere ndi ntchito ya katswiri.

Ngati zizindikiro zikuloza ku ampulifaya

Kusasa kwa mbali zonse ziwiri kumene kumayamba mukakweza voliyumu n'kutha mukatsitsa kumakhala kawirikawiri clipping. Ampulifaya ili ndi malire a magetsi amene ingathe kutulutsa, ndipo ikafunsidwa zopitirira malirewo imadula nsonga za mafunde. Kudulako kumabala mawu atsopano akuthwa amene munalibe m'nyimbo, ndipo crossover, kabolodi ka m'bokosi la sipika kamene kamagawa mawu pakati pa woofer ndi tweeter, imawatumiza ku tweeter. Palinso china choopsa: besi ikafika pa malire sikwerapo, koma munthu akapitiriza kupotoza voliyumu, mawu opyapyala amakwerabe, mpaka koyilo yopangidwira mawati ochepa imalandira kutentha kopitirira muyezo. Ndi mmene ampulifaya yaing'ono imawotchera tweeter ya sipika imene papepala imaoneka kuti ingalandire mphamvu yochuluka kuposa pamenepo. Kumbukirani kuti kuwonjezera 10 dB pa kukwera kwa mawu kumafuna mphamvu yochuluka kakhumi, choncho ampulifaya imene ikupereka mawati 5 pa nyimbo yabata imasowa mawati 50 nyimbo ikangodumpha ndi 10 dB. Mankhwala ake ndi kutsitsa voliyumu pomwepo, ndipo ngati chipinda n'chachikulu kapena masipika ndi ovuta kuyendetsa, kupeza ampulifaya yamphamvu.

Pali vuto lina la khalidwe losiyana ndi limeneli: mawu amasasa kapena kudukaduka pa voliyumu yotsika, koma mukakweza kamodzi amayera kwa kanthawi. Zimenezi zimachokera kawirikawiri ku relay, kaswichi ka m'kati mwa ampulifaya kotetezera masipika, imene malo ake ogundana achita dzimbiri, kapena ku kopotozera voliyumu kodetsedwa. Mukhozanso kuyeza magetsi a DC pa zotulutsira za ampulifaya ya ma transistor, masipika atachotsedwa ndipo nyimbo isakuimba. Ampulifaya yabwino imaonetsa mamilivoti ochepa, ndipo kupitirira 50 mV ndi chizindikiro choti ikaonedwe. Ngati tweeter ikutentha kapena kupsa popanda nyimbo yokwera, n'kutheka kuti ampulifaya ikutulutsa mafunde okwera kuposa amene khutu lingamve, ndipo zimenezi zimaoneka pa oscilloscope pokha, makina oonetsa mafunde a magetsi. Musatsegule ampulifaya nokha. Makapasita ake amasunga magetsi ngakhale itazimitsidwa, ndipo m'ya ma valve muli mavoti mazanamazana.

Kunja kwa bokosi la sipika

Mukatsimikiza kuti vuto likutsata sipika, yambirani kumbuyo kwake. Mangitsani zolumikizira ndi zala, onani ngati palibe tinsinga ta waya tomwazika, ndipo pukutani pamene pada. Masipika ambiri apamwamba ali ndi zolumikizira zinayi, ziwiri za mawu opyapyala ndi ziwiri za besi, zogwirizanitsidwa ndi tizitsulo kapena timawaya tifupitifupi. Kachitsulo kamodzi kakakhwefuka, tweeter imathetheka kapena kuzima n'kuyaka, ndipo munthu amalumbira kuti yafa pamene yangosowa kumangitsa. Zolumikizira zinayizi zimakupatsaninso mwayi wina: mutazimitsa ampulifaya, chotsani tizitsuloto, lumikizani mbali ya besi yokha mumve, kenako mbali ya pamwamba yokha. Kusasa kukamveka mbali ya besi, ndiye kuti tweeter munkaiganizira pachabe. Izi zimachitika kawirikawiri, chifukwa koyilo ya woofer ikamakhula, kapena guluu wa kachipewa ka pakati pake akamatuka, phokoso lake limakhala lopyapyala ndipo limamveka ngati likuchokera kumtunda. Ngati sipika ili ndi zolumikizira ziwiri zokha, pindani pepala lolimba likhale ngati paipi, ikani mbali ina pa khutu ndipo inayo muiyandikitse pa chigawo chilichonse, voliyumu ili pansi, osagunda dome.

Chotsani chophimba cha kutsogolo mumvenso, popeza nachonso chimanjenjemera. Kenako, nyimbo ikuimba, kanikizani ndi chala pa felemu yozungulira tweeter, osati pa dome. Phokoso likaleka, masikuluwu akhwefuka. Matabwa a bokosi amafufuma ndi kufota malinga ndi chinyezi, kotero masikuluwu amakhwefuka okha m'kupita kwa zaka. Amangitseni pang'onopang'ono, modumphadumpha mbali zoyang'anizana, mpaka agwire basi. Kumangitsa mopitirira kumapotoza felemu ndipo kungayambitse kukhula kumene kunalibe. Chenjerani kwambiri ndi maginito. Maginito a tweeter, makamaka a neodymium, amakoka nsonga ya sikuludiraiva mwadzidzidzi, ndipo ma dome ambiri anabooka pa nthawi imene mwini wake ankafuna kukonza. Gwirani nsongayo ndi zala za dzanja linalo, chikhatho chikutchinga dome, mpaka italowa m'mutu wa sikuluwu.

Tsopano walitsani tochi chammbali muone dome bwinobwino. Yang'anani ngati yalowa m'kati, yakwinyika, yang'ambika, kapena ngati m'mphepete mwake mwamatuka. Onaninso tizitsulo ting'onoting'ono timene maginito akoka n'kukakamira pafupi ndi dome. Dome ya nsalu imene yakankhidwa ndi chala imatha kubwerera mukaikoka mofatsa ndi tepi ya pepala yosamata kwambiri, ndipo ikabwerera popanda mkwinya imaimba bwino ndithu. Musagwiritse ntchito makina opopera fumbi, chifukwa mphamvu yake ingazule dome pa koyilo. Dome ya aluminiyamu kapena titanium ikakwinyika, mkwinyawo sutha ngakhale mutaiwongola, ndipo kulimba kumene inapangidwira kumakhala kutapita. Ya daimondi, monga imene kampani ya Bowers & Wilkins imaika m'masipika ake a 800, sipindika koma imasweka. Ya beryllium, monga imene Focal imagwiritsa ntchito m'masipika ake apamwamba, imafuna kusamala kwapadera: fumbi la beryllium ndi loopsa likalowa m'mapapo, choncho ikasweka musaikhudze, musaiuzire, musaipale, koma iphimbeni ndi tepi yaikulu ndipo mulumikizane ndi wopanga kapena womuimira.

Kuyesa ndi mawu oyera

Nyimbo imasinthasintha, kotero kuti mupeze pamene penipeni pali vuto mufunika sine wave, liwu limodzi loyera limene mungalikweze kapena kulitsitsa. Mapulogalamu otulutsa mawu otere alipo ambiri a pa foni ndi pa kompyuta, ndipo Room EQ Wizard ndi imodzi yaulere imene anthu ambiri amadalira. Koma apa pali ngozi yeniyeni, chifukwa liwu losalekeza limatenthetsa koyilo kuposa nyimbo. Yambani voliyumu ili pansi penipeni. Ngati muli ndi multimeter, mita yoyezera magetsi, imbani liwu la 200 Hz ndipo konzani voliyumu kuti pa zolumikizira za sipika pakhale pafupifupi voti imodzi ya AC, imene pa sipika ya ma ohm 8 ndi gawo limodzi mwa magawo asanu ndi atatu a wati imodzi. Muyezo umenewu ndi wokwanira kuulula kukhula kwa koyilo. Muyezere pa liwu lotsika chotero chifukwa ma multimeter ambiri sawerenga molondola mawu okwera.

Yendani pang'onopang'ono kuchokera pa 1,000 Hz kukafika pa 10,000 Hz, sipika imodzi pa nthawi imodzi, osaima pa liwu limodzi kupitirira masekondi ochepa. Liwu labwino limamveka loyera ndi losalala. Pamene pali vuto mudzamva kamawu kena kakuphatikizana nalo, ndipo mulembe nambala ya Hz ya pamenepo. Chitani chimodzimodzi ndi sipika inayo, chifukwa sipika yabwinoyo ndiyo muyezo wanu. Pa mawu opitirira 12,000 Hz samalani koposa. Anthu ambiri akuluakulu samva bwino dera limeneli, ndipo posamva amakweza voliyumu poganiza kuti tweeter yafooka, kufikira ataiwotcha. Ngati simukumva kanthu, musakweze.

Amene ali ndi maikolofoni yoyezera, monga UMIK-1 ya miniDSP, angathe kuona pa chithunzi zimene khutu likukayikira. Ikani maikolofoni pa mtunda wofanana ndi pa msinkhu wofanana kutsogolo kwa tweeter iliyonse, yezani pa voliyumu imodzimodzi, ndipo yerekezani zithunzi ziwirizo. Musavutike kufunafuna nambala yoyenera ya sipika yanu. Chofunika ndi kusiyana kwa mbali ziwiri. Koyilo yokhula imakweza ma harmonic apamwamba, timawu towonjezera topyapyala kuposa liwu limene mukuimba, pa dera lopapatiza, pamene tweeter yofooka imaonetsa mzere wotsika pa dera lake lonse.

Kuchotsa tweeter m'bokosi

Musanafike apa, onani ngati masipika akadali pa waranti, chifukwa opanga ambiri amaithetsa bokosi likatsegulidwa. Onaninso kamangidwe kake. Tweeter ina imakhala m'kachipinda kakekake pamwamba pa bokosi, ina imamangidwa kuchokera m'kati, ndipo ya Uni-Q ya KEF imakhala pakati penipeni pa sipika ya mawu apakati. Zoterezi n'zoyenera kusiyira amene anaphunzira kuzimasula. Ngati yanu ndi ya masikuluwu oonekera kutsogolo, zulani mawaya onse kumbuyo, masulani masikuluwu mukutchinga dome, ndipo itulutseni mofatsa osakoka mawaya a m'kati. Jambulani chithunzi musanachotse waya uliwonse, kuti mudzadziwe wa pa + ndi wa pa −. Musadalire kuganiza, chifukwa opanga ena amatembenuza dala mawaya a tweeter malinga ndi crossover yawo.

Chotsani waya umodzi kapena onse awiri, ikani multimeter pa ma ohm, gundanitsani kaye nsonga zake kuti muone nambala ya mawaya a mita yeniyeniyo, ndipo nambalayo muichotse pa zimene mupeze. Tweeter yolembedwa ma ohm 8 imaonetsa kawirikawiri pakati pa 5 ndi 7, ndipo ya ma ohm 4 imaonetsa cha m'ma 3. Mita ikasonyeza kuti njira ndi yoduka, koyilo yapsa kapena kawaya kake kaduka. Ikaonetsa nambala yotsika kwambiri poyerekeza ndi inzake ya m'bokosi linalo, mwina mizere ina ya koyilo yapserera n'kugundana. Koma nambala yabwino si umboni woti tweeter ili bwino, pakuti koyilo imene inatenthapo imatha kutupa kapena kupotoka n'kumakhula m'kampata ka maginito, waya wake uli wosaduka. Musayese tweeter ndi batire monga ena amachitira ndi woofer. Tweeter ya ribbon, yokhala ndi kachitsulo kopyapyala m'malo mwa dome, imene kawirikawiri imakhala ndi thiransifoma, imaonetsa nambala yoyandikira ziro ngakhale ili yabwino, ndipo kachitsulo kake kopyapyala kamatha kutanuka kapena kuduka ndi magetsi a DC, ngakhalenso ndi mpweya wouzira.

Chiyeso chimene chimathetsa kukayika konse ndi kusinthanitsa matweeter awiriwo pakati pa mabokosi. Kusasa kukatsata tweeter, wolakwa wapezeka. Kukatsala m'bokosi lakale, vuto lili mu crossover kapena m'mawaya a m'kati. Ngati mufuna kuimvera ili kunja kwa bokosi, musailumikize mwachindunji ku ampulifaya. Ikani kapasita ya 10 µF yopanda + ndi − motsatizana nayo, imene pa tweeter ya ma ohm 8 imayamba kuchepetsa mawu otsika kuposa 2,000 Hz, ndipo voliyumu ikhale yochepa zedi.

M'matweeter ambiri muli ferrofluid, mafuta osakanizidwa ndi tizidutswa ta chitsulo tosaoneka ndi maso, amene amakhala m'kampata ka maginito kuti azichotsa kutentha pa koyilo ndi kuchepetsa kunjenjemera kopitirira. Madzi amenewa anayambira ku NASA m'zaka za m'ma 1960 ndipo analowa m'masipika m'zaka za m'ma 1970. Pakapita zaka zambiri, makamaka ngati tweeter imatenthedwa kawirikawiri, mafutawo amauma n'kusanduka phala lolimba limene limagwira koyilo. Zizindikiro zake ndi mawu ofooka, ozimiririka, mbali imodzi yotsika kuposa inzake, nthawi zina limodzi ndi kusasa. Katswiri angathe kutsuka kampatako n'kuthiramo watsopano, koma pamafunika mtundu woyenera ndi muyezo woyenera, ndipo matweeter onse awiri achitidwe pamodzi. Si tweeter iliyonse ili ndi ferrofluid, ndipo imene inapangidwa yopanda sayenera kuthiridwa.

Crossover

Dome iliyonse ili ndi liwu limene imanjenjemera kwambiri mwachibadwa, kawirikawiri pakati pa 500 ndi 1,500 Hz, ndipo ntchito ya crossover ndi kuletsa mawu a dera limenelo kuti asafike pa tweeter ndi mphamvu. Crossover ikalephera, tweeter yabwino imakakamizidwa kuyenda mtunda umene sinapangidwire, ndipo imasasa pa mawu a woimba ndi pa piyano. Chotsani woofer kapena chitseko cha kumbuyo muione ndi tochi. Funani resistor yoda ndi kutentha, kapasita yotupa kapena yodontha, malo owotcherera osweka, ndi koyilo ya waya imene yamatuka n'kumagwedera pa bolodi. Pa njira ya tweeter pamakhala kapasita yotsatizana nayo, ndipo m'masipika ambiri pamakhalanso kakoyilo kodutsa chopingasa kamene kamapatutsa mawu otsika; kakoyilo kameneka kakaduka, tweeter imaimbabe koma imalandira mawu otsika ochuluka, ndipo vutoli ndi losavuta kuliphonya. Makapasita a electrolytic amasintha muyezo akakalamba, pamene a polypropylene, amene amapezeka m'masipika ambiri apamwamba, sawonongeka kawirikawiri. Poyeza kapasita, masulani mwendo umodzi pa bolodi, apo ayi mita idzawerenga zigawo zinanso. M'masipika akale mumakhala kopotozera mphamvu ya tweeter kamene kamachita dzimbiri, ndipo ena ali ndi fyuzi kapena chotetezera chodzibwezera chokha chimene chimafooka chikagwira ntchito kambirimbiri. Mukasintha chigawo, ikani cha muyezo womwewo ndipo muchite mabokosi onse awiri. Nthawi yokonza vuto si nthawi yoyesa makapasita a mtundu wina, chifukwa mukatero simudzadziwa chimene chasintha mawu.

Kuika yatsopano

Ngati tweeter yatsimikizika kuti yawonongeka, funani ya mtundu womwewo kuchokera kwa wopanga, ndipo mupereke nambala ya bokosi lanu, popeza opanga ena amasunga miyezo ya masipika aliwonse ndipo amasankha yofanana nayo. Tweeter ina iliyonse imene yangokwana pa bowo siyenera, chifukwa crossover inawerengedwera ma ohm, mphamvu ya mawu ndi kanjenjemeredwe ka tweeter yoyambayo. Pa mitundu ina mungathe kusintha dome ndi koyilo zokha n'kusiya maginito. M'kuona kwanga, masipika akakhala a zaka zambiri ndi bwino kusintha onse awiri, chifukwa yatsopano ndi yakale sizilira mofanana, ndipo woimba amene amayenera kumveka pakati amayamba kupendekera mbali imodzi.

Musanayatse, bwererani ku zimene munalemba poyamba ndipo muyankhe funso loti n'chiyani chinaipha yakaleyo. Ngati inali clipping, treble yokwezetsa, ampulifaya yodwala kapena crossover yoduka, ndipo simunakonze chimenecho, yatsopanoyo idzapsanso. Lumikizani mawaya monga akuonekera pa chithunzi chija. Ngati ndi owotcherera, chitani mwachangu, masekondi awiri kapena atatu, chifukwa kutentha kumasungunula pulasitiki yogwira zolumikizira ndipo kungamasule kawaya ka koyilo. Bwezerani kamphira kotseka mpweya pansi pa felemu, mangitsani masikuluwu modumphadumpha, ndipo yesaninso ndi liwu loyera pa voti imodzi. Pomaliza imbani nyimbo ya mono, imene imatulutsa mawu amodzimodzi mbali zonse ziwiri, muli pakati pa masipika awiriwo: mawu ayenera kumveka pamalo amodzi pakati penipeni, ndipo akamveka omwazika kapena obowoka pa mawu a woimba, zimitsani muonenso ngati + ndi − za tweeter sizinatembenuzidwe. Pakatha milungu ingapo onaninso masikuluwu, chifukwa kamphira katsopano kamaphwa ndipo amafuna kumangitsidwa pang'ono.